Timbalame tofanana koma toimba mosiyana, ndi mtundu umodzi kapena iwiri, nanga tikulimbirana chani?

Khutu_Lakuthwa

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso landizunguza mutu ndithu, mwina ena mundiseka koma ndithandizeni. Pali malo ena omwe ndimakonda kukaonerako mbalame mmamawa, mbali imodzi kuli udzu wautali wa mdambo mbali inayo kuli tchire la tizitsamba taminga, nde pamenepo pali timbalame tina tating'ono tofiirira, tamizeremizere kumsana, toti olo utatiyang'ana ndi mabinokyula sungatisiyanitse. Koma kaimbidwe kake nde nkosiyana kutalitali. Kena kamatera pansonga penipeni pa chitsamba nkumati chi chi chi kenako trrrrr, kubwerezabwereza mpaka dzuwa kutentha. Kanzake sikatera ayi, kamauluka m'mwamba kukwera kutsika kukwera kutsika uku kakungoti zit, zit, zit basi palibenso china.

Mnzanga wina akuti ndi kakamuna ndi kakakazi, koma ine zikundikaikitsa chifukwa ka zit zit kaja kakangodutsa pamwamba pa zitsamba, ka trrrr kamanyamuka nkukathamangitsa mpaka ku udzu, kenako kubwerera pa nthambi yake nkuyamba kuimba mokweza kuposa poyamba. Chonsecho pumbwa akatera pa chitsamba chomwecho sikalabada nkomwe.

Nde ndifunse, kodi ndi mtundu umodzi woimba nyimbo ziwiri kapena ndi mitundu iwiri? Ngati ndi iwiri tikulimbirana chani poti mkazi sitingalandane? Komanso munthu angadziwe bwanji pomwe pali malire a dera la kalikonse poti palibe mpanda palibe chizindikiro. Ine si wasukulu ya zimenezi ndimangozikonda basi, nde musandilankhulire chizungu chambiri kkkk

ChangaChilipo

Aise ingoika app ya Merlin yozindikira mbalame pomva nyimbo zake pa foni, umangoyatsa iyo nkukuuza dzina pompo. Mavuto enawa mumawafuna dala anthu inu kkkk

Gogo_waMbalame

A Khutu, mmene mwafotokozeramu muli ndi mitundu iwiri ya timbalame tomwe m'mabuku amatitcha cisticola. Ka zit zit ko ndi zitting cisticola, kuimba kouluka koteroko ndi kake, ndipo kamapezeka malo ambiri zedi, kuyambira kumwera kwa Ulaya, Africa, India mpaka kumpoto kwa Australia. Ka pachitsambako kakumveka ngati rattling cisticola, mukajambula mawu ake mudzatitumizire tidzatsimikize. Mnzanuyo mumuuze kuti tonse tiwiri mukutimvato ndi tamphongo.

Musadzione ngati maso anu ndi ofooka ayi. Gulu limeneli lili ndi mitundu pafupifupi 50, yambiri ndi ya mu Africa, ndipo lakhala likuliza akatswiri kuyambira kale. Bambo wina wa ku Britain, Hubert Lynes, yemwe anali mkulu wa asilikali a pamadzi, atapuma ntchito anatha zaka akuzungulira mu Africa kutsata timbalame timeneti basi, mpaka mu 1930 anatulutsa chibuku chathunthu chongofuna kutisiyanitsa. Vuto limakula chifukwa kambalame kamodzi komweko kamasintha nthenga, nyengo yoswana kamaoneka mwina, ikatha pa mitundu yambiri mchira umatalika ndipo mtundu wa nthenga umasinthako. Ndiye wodalira maso okha amasokonezeka chaka chonse, wodalira khutu ndiye amapitako patsogolo. Si zachilendonso. Ku England kunali m'busa wina wa pa mudzi wa Selborne, Gilbert White, makalata ake anasindikizidwa mu 1789. Anthu a nthawi yake ankasokoneza timbalame tina tobiriwira ta m'mitengo ngati mtundu umodzi, iye pongomvetsera anati ayi, apa pali mitundu itatu. Ndi timene lero amati chiffchaff, willow warbler ndi wood warbler. Analibe foni, analibe rekoda.

Za Merlin zo sindikukana a Changa, ndi pulogalamu yabwino ya ku yunivesite ya Cornell ku America ndipo kumadera komwe anajambula nyimbo zambiri imachita bwino. Koma imadziwa zomwe inaphunzitsidwa, ndipo m'madera ambiri otentha nyimbo zomwe inaphunzira nazo ndi zochepa. Komanso olo itakupatsa dzina lolondola, singakuuze kuti dera la kambalame aka lathera pa chulu icho. Zimenezo ndi za miyendo.

Tsono za malire. Njira yake ndi yakale, imangofuna pepala, pensulo ndi kulawira. Jambulani mapu a malowo, muikepo zinthu zosasuntha, mtengo wouma, chulu, mwala, pomwe udzu wathera. Mupange makope angapo kuti ulendo uliwonse ukhale ndi pepala lakelake ndi deti yake. Mukafika m'bandakucha yendani pang'onopang'ono, paliponse pomwe mwaona kambalame kakuimba lembani chilembo, tinene R kwa ka pachitsamba, Z kwa koulukako. Ka Z poti sikatera, jambulani mkombero wonse womwe kazungulira m'mwambamo ndi pomwe kagwera mu udzu. Kakachoka nthambi iyi kupita iyo inu mukukaona ndi maso, lumikizani ndi mzere wosadukiza, kutanthauza kuti ndi komweko. Koma chofunika kuposa zonse ndi ichi: mukamva tiwiri ta mtundu umodzi tikuimba nthawi imodzi, kena uku kena uko, lumikizani ndi mzere wa timadontho. Kambalame kamodzi sikangaimbe malo awiri nthawi imodzi, ndiye penapake pakati pa timadonthoto pali malire. Anthu ambiri oyamba kumene amathamangira mbalame yomwe akuiona, osamvetsera yomwe ikuyankha kumbuyo kwawo, pomwe yoyankhayo ndi imene ikukulozera malirewo. Pomwe mwaona ndewu kapena kuthamangitsana ikanipo X.

Mukasonkhanitsa mapepala a masabata angapo, kopererani ma R onse pa pepala limodzi, ma Z pa lina, muona zilembo zikuunjikana timagulutimagulu, gulu lililonse ndi dera la kamphongo kamodzi. Kenako sanjikizani mapepala awiriwo muwaunike pa dzuwa. Ngati madera a R ndi a Z akulowana, ndiye kuti akugawana malo. Ngati akungogundana m'mphepete osalowana, ndipo ma X ali pomwepo, muli ndi nkhani. Bungwe lofufuza za mbalame la BTO ku Britain linawerenga mbalame ndi njira yomweyi kuyambira 1962 mpaka 2000, anthu ongodzipereka ankayendera malo amodzi maulendo pafupifupi 10 pa nyengo yoswana. Musinthesinthenso poyambira, mukamayambira mbali imodzi tsiku lililonse mbali inayo muzikafika mbalame zitatopa kale kuimba, mapu anu anama.

MtsikanaWaTchire

Agogo afotokoza bwino za mapu, ine ndiyankheko funso lachiwiri lija loti tikulimbirana chani, chifukwa ndi limene limandisangalatsa.

Choyamba, zoti nyimbo payokha imateteza dera si zongoganizira, zinayesedwa. John Krebs wa ku Oxford cha mu 1977 anachotsa mbalame zotchedwa great tit mu kankhalango kena, nde m'malo mwake mbali ina anaikamo masipika oliza nyimbo ya great tit, mbali ina oliza ka wenzulo chabe, mbali ina anangoisiya zii. Zobwera zinayamba kudzaza mbali ya zii ndi ya wenzulo, mbali ya nyimbo zinachedwa kulowako chonsecho munalibe mwini, munali sipika yokha.

Nde funso nkumati mbalame imadziwa bwanji nyimbo yoti iipsere mtima ndi yoti ingoisiya? Mwa nthawi zonse imapsera mtima ya mtundu wake, poti ndi amene angailande zonse, mkazi, pomanga chisa, chakudya. Pumbwa uja mwati sikamulabadira, nzoona, alibe naye kanthu. Chovuta ndi wachibale, wofanana naye thupi, mlomo ndi kadyedwe. Apa akatswiri anagawikana kalekale. Ena amati nkusokoneza chabe, mitundu iwiriyo inachokera kholo limodzi nde nthenga ndi mawu zikadafananako, kambalame kamangoona ngati ndi mnzake wa mtundu wake nkutaya mphamvu pachabe. Ena amati ayi si kusokoneza, kakudziwa bwino lomwe, kakuthamangitsa dala chifukwa akudya ziwala ndi mbozi zomwezo.

Ku America kuli mitundu iwiri ya mbalame zotchedwa meadowlark, eastern ndi western, pa maso ndi amodzi, chifuwa chachikasu chokhala ndi mzere wakuda ngati V, koma nyimbo zosiyana. Wesley Lanyon anawatsata ku Wisconsin m'zaka za m'ma 1950 nkupeza kuti pomwe akumana amphongo amatetezerana madera ngati mtundu umodzi, koma akazi amasankhabe wa mtundu wawo, kukwatirana kosakaniza nkosowa. Amenewa munthu utha kunena kuti chabwino mwina akusokonezana poti amafanana.

Koma nanga iyi muiona bwanji. Pa chilumba cha Eigg ku Scotland, T. M. Reed mu 1982 anafotokoza za chaffinch ndi great tit, mbalame zoti sizifanana olo pang'ono, si pachibale chapafupi, nyimbo zakenso nzosiyana. Ku Scotland kwenikweni, kunja kwa chilumbachi, ziwirizi zimakhalira limodzi madera nkumalowana, ukaliza nyimbo ya ina inayo siitekeseka. Pa chilumba paja madera ake salowana, ukaliza nyimbo ya ina inayo imabwera ndi ukali. Atachotsako ma chaffinch ena, ma great tit anakuza madera awo nkulowa m'malo osiyidwawo. Apa kusokoneza kuli pati? Malo ndi ochepa, chakudya nchochepa, mbalame zadziwa kuti uyu olo si wa kwathu koma akundidyera. Nde ine ndimapendekera kumeneko.

Komanso a Khutu mwati mkazi sitingalandane, osafulumira kutero kkk. Kafukufuku wa mu 2020 wa mbalame zoimba za ku North America anapeza kuti pafupifupi mtundu umodzi mwa itatu iliyonse umateteza dera kwa mtundu wina, ndipo khalidweli limapezeka kwambiri pa mitundu yomwe nthawi zina imakwatirana mosakaniza. Sindikunena kuti tanu tiwirito timatero, ndikungoti pa mbalame zapachibale nkhani ya mkazi imakhalapo ndithu.

Mukafuna kuyesa nokha njira ndi sipika. Mukadziwa dera la kamphongo kamodzi kuchokera pa mapu a agogo aja, ikani sipika mkati mwa deralo, inu mubisale chapatali. Mukhale ndi nyimbo zitatu, ya mtundu wake, ya wachibaleyo, ndi ya mbalame yosagwirizana nayo monga njiwa, imeneyi ndi yoti mudziwe ngati kakungobwera chifukwa cha phokoso. Lizani imodzi mphindi imodzi kapena ziwiri basi, lembani kuti katenga masekondi angati kuti kabwere, kayandikira mamita angati, kadutsa kangati pamwamba pa sipika, kayimba kangati. Inayo mudzalize tsiku lina, ndipo pa kamphongo kena musinthe ndondomeko, muyambe ndi yomwe munamalizira. Ndipo musagwiritse kanyimbo kamodzi komweko kwa tonse, Donald Kroodsma anadzudzula zimenezi mu 1989, chifukwa mwina amene munamujambulayo anali woimba mofooka kapena waukali mwapadera, nde zomwe mwapezazo ndi za iye yekha osati za mtundu wonse. Chomaliza, yesaninso tamphongo tomwe tili kutali mkati mwa tchire, toti ka zit zit sitikumana nako. Ngati ta m'malire tokha ndi tomwe tikupsa mtima, ndiye kuti tinaphunzira mdani. Ngati tonse tikupsa mofanana, a kusokoneza aja apeza mfundo.

Mlonda_wa_zisa

Achemwali zonse mwanenazi ndagwirizana nazo kupatula za sipikazo. Inu mwafotokoza mwa dongosolo koma owerenga pano ambiri angomva kuti liza nyimbo mbalame ibwera, basi mawa munthu ali mtchire foni mmwamba mphindi 20 kufuna chithunzi. Ine ndinaonapo anthu akuchita zimenezo, kambalame kakuzungulira mlomo uli yasaa mapiko akunjenjemera kufunafuna mdani yemwe kulibe, iwo akuseka. Nthawi imeneyo kakanakhala kakudya kapena kulondera chisa, ndipo kakamaonekera poyera choncho kabawi akuona, khwangwala akuonanso komwe katulukira. Mmalo ambiri otetezedwa amaletsa kumene kuliza nyimbo za mbalame popanda chilolezo nde funsani kaye. A Khutu angoyamba kumene, mapu okha aja awakwanira nyengo yonse ino. Mbalamezo zikuthamangitsana kale zokha pamaso panu, mukufunanso kuziputa kuti zitani?

MtsikanaWaTchire

Zoona achimwene, sindikutsutsa. Pafupi ndi chisa ayi, kwa mbalame yonyamula chakudya kukamwa ayi, kupitirira mphindi ziwiri ayi. Amene sakulemba manambala asalize nkomwe.

Khutu_Lakuthwa

Iii zikomo kwambiri nonse, sindimayembekeza zochuluka chonchi. Sipika ndiisiya kaye monga anenera a Mlonda, ndiyamba ndi pepala. Koma agogo mwati khutu ndiye lodalirika, nde pali china chikundisokoneza. Chakumunsi komwe kuli zitsamba zowirira kuli kena kofiirira kopanda mizere, sikaonekera kwenikweni, kamaimbira mkati chapansipansi, koma nyimbo yake ndi chisokonezo chokhachokha, pena kalira ngati pumbwa, pena ngati namzeze, pena mawu oti sindinawamvepo chibadwire, zonse motsatizana mwachangu osapuma. Nde ngati kambalame kangabe nyimbo za ena choncho, tidalira bwanji khutu? Komanso kodi yoimba nthawi zonse imakhala yamphongo?

Gogo_waMbalame

Hahaha mwandigwira pakamwa mwana wanga. Khutu ndi lodalirika kuposa maso pa timbalame tanu tija, koma si loti nkulumbirira, chifukwa mbalame za gulu loimbali nyimbo sizibadwa nayo yathunthu, zimaphunzira. William Thorpe ku Cambridge m'zaka za m'ma 1950 analera ana a chaffinch kwaokha osamva wamkulu aliyense, atakula ankaimba kanyimbo kosalongosoka, kutalika kwake ngati komweko koma kopanda magawo ake ndi kokometsera kwa kumapeto kuja. Tsono chinthu chophunzira chimatha kuphunziridwa kwa mphunzitsi wolakwika.

Kanu ka m'zitsambako, ngati mukukamva miyezi ya pakati pa Disembala ndi Malichi kumwera kwa Africa, ganizirani marsh warbler. Kamaswana ku Ulaya, nkumabwera kudzathawa chisanu. Mayi wina wa ku Belgium, Françoise Dowsett-Lemaire, anamvetsera nyimbo za mtundu umenewu nkupezamo mawu obedwa a mitundu 99 ya ku Ulaya ndi 113 ya ku Africa, kamodzi kamakhala ndi ya mitundu pafupifupi 76. Mawu mukuti simunawamvepo chibadwirewo mwina ndi a mbalame za ku Poland kapena Germany. Ndipo taonani, kali ndi wachibale wake reed warbler wofanana naye moti ngakhale ogwira mbalame m'manja amachita kuyeza mapiko kuti asiyanitse, komabe pa nyimbo sasokonekera, chifukwa reed warbler amaimba mogwedera pamodzimodzi, kubwereza liwu kawiri katatu, pomwe uyu amathamanga nkumasinthasintha. Ndiye musamvere liwu limodzi lokha, mverani kayendetsedwe ka nyimbo yonse, liwiro lake, popumira pake, ndi pomwe woimbayo wakhala.

Zosokoneza zenizeni zili pomwe achibale awiri akumana. Pa zilumba za Öland ndi Gotland ku Sweden pali pied flycatcher ndi collared flycatcher, onse amaswanira m'mphako ndipo amalimbirana mphakozo, wa collared ndiye amapambana kawirikawiri. Amphongo ambiri a pied okhala pafupi ndi collared amasakaniza nyimbo ya mnansiyo mu yawo. Zotsatira zake akazi ena a collared amakopeka nkukwatiwa ndi wa mtundu wina, ndipo ana aakazi obadwa pamenepo amakhala osabereka. Ku Poland nako, pomwe thrush nightingale wakumana ndi common nightingale, woyambayo amatengera nyimbo za wachiwiriyo. Kenako pali ma indigobird a mu Africa, timbalame takuda tija toikira mazira m'zisa za timpheta tofiira totchedwa firefinch. Kamwana kamaphunzira nyimbo ya womulera, kakakula kamphongo kamaimba imeneyo pa mtengo wake, ndipo kakakazi koleredwa ndi mtundu womwewo kamasankha woimba nyimbo yomwe kanakulira, nkukaikiranso mazira m'chisa cha mtundu womwewo. Robert Payne anatha zaka zambiri pa timeneti, ku Zambia ndi kwina. Ukafuna kudziwa kuti indigobird uyu ndi wa mtundu uti, umamvera kuti akuimba nyimbo ya firefinch uti.

Tsono achemwali a Tchire ndikutsutseniko pang'ono. Nkhani ya pa Eigg ndi yabwino, koma ndi chilumba. Ine zaka zomwe ndakhala ndikuyang'ana mbalame ndaona kuti kamphongo nyengo yoswana magazi akatentha kamathamangitsa chilichonse chofiirira cha msinkhu wake chodutsa pafupi, kakayandikira nkuona kuti si mnzake kamabwerera. Ndipo ife anthu tili ndi vuto, timakumbukira ndewu. Ka zit zit kakadutsa kakhumi osathamangitsidwa sitilemba kanthu poti palibe chachitika, kakathamangitsidwa kamodzi timathamangira kukauza anzathu. A Khutu, pa pepala lanulo mupange mizati iwiri, wina kadutsa kathamangitsidwa, wina kadutsa kasiyidwa. Muchite chimodzimodzi kwa pumbwa ndi ena onse odutsa, komanso kwa ka R kanzake kakalowa. Popanda mzati wachiwiriwo simunganene kuti pali udani wapadera. Mitundu yanu iwiriyo kumbukirani kuti wina ndi wa udzu wina ndi wa zitsamba, mwina madera ake salowana chabe chifukwa aliyense akutsata malo omwe amawakonda, osati chifukwa chothamangitsana.

MtsikanaWaTchire

Agogo za mizati iwirizo nde mwalasa, ndazitenga. Ndiwonjezepo kuti alembenso kuti wathamangitsa ndi ndani, chifukwa pa achibale kawirikawiri sizikhala zofanana mbali zonse, wamkulu thupi ndi amene amalamula, ndipo rattling ndi wamkulu kuposa zitting. Ku mapiri a ku Costa Rica Jill Jankowski ndi anzake mu 2010 anaonetsa zofananako, mitundu yapachibale yosanjikizana m'phiri wina m'munsi wina kumtunda, pomwe akumanirana amapserana mtima ndipo pa mitundu ina ukali unkachokera mbali imodzi. Nde zoti wina ndi wa udzu wina wa zitsamba sizikutseka nkhani, funso nlakuti wa udzuyo ali mu udzu mwa kufuna kwake kapena akuopa? Koma ndikuvomera kuti mapu okha sangayankhe limenelo.

Za yoimba kukhala yamphongo, ayi si nthawi zonse. Maganizo amenewo anafala chifukwa mabuku oyamba analembedwa ku Ulaya ndi ku North America komwe amphongo ndi amene amamveka kwambiri. Karan Odom ndi anzake mu 2014 anapeza kuti pa mitundu yomwe anaiunika, 71 pa 100 iliyonse zazikazi zimaimba, makamaka m'madera otentha komwe banja limasunga dera chaka chonse. Pa mbalame za mu Africa zotchedwa boubou mwamuna ndi mkazi amaimba molandizana mwachangu moti ungayese ndi mbalame imodzi. Izi nzofunika pa mapu anu, mukamva awiri akuimba pafupi kwambiri mogwirizana musathamangire kujambula malire pakati pawo, mwina ndi banja.

Chinanso chomwe muone, masabata oyamba a nyengo ndewu zimachuluka kenako zimazilala, osati chifukwa malire afafanizika koma chifukwa akhazikika. Zili ngati anthu ochitirana malire a munda, mukamaliza kukangana za pomwe mzere ukudutsa mumangopatsana moni, amene amakudzidzimutsa ndi mlendo. Ku Algonquin ku Canada, Brooks ndi Falls mu 1975 anayesa pa white-throated sparrow, nyimbo ya mnansi ikalira kuchokera mbali yomwe mnansiyo amakhala mwini dera sankatekeseka kwenikweni, ya mlendo ankaipsera mtima, koma ya mnansi yemweyo ikalira kuchokera mbali ina yomwe si yake ankaipsera mtima ngati ya mlendo. Ndiye kuti kambalame kamadziwa liwu la aliyense ndi komwe akuyenera kukhala. Mukayamba mochedwa nyengo ma X akhala ochepa, mudalire kwambiri timadontho tija.

ChangaChilipo

Chabwino ndagonja za Merlin kkkk koma pa zojambula mawu pokha mundimvere ine. Osajambula ndi voice note ya WhatsApp aise, imafinya mawu nde timawu tapamwamba ta timbalame ngati timeneto timaphwanyika. Pezani app yojambula mu WAV, mtundu wa fayilo yosafinya mawu. Chotsani foni mchikwama chake, lozetsani kumunsi komwe kuli maiki kwa mbalameyo, imani chilili osasuntha mapazi chifukwa udzu wouma umamveka kuposa mbalame, mphepo ikhale kumsana kwanu thupi lanu liitchinge. Osadula msanga, siyani ipite mphindi yathunthu kuti agogo amve popumira paja akunena, ndipo musanazimitse lankhulani nokha deti, nthawi, malo ndi kuti kanali pachitsamba kapena mmwamba, apo ayi pakatha mwezi mukhala ndi mafayilo 40 osadziwa kuti ndi ati.

Mukafika pa kompyuta tsegulani mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, musinthe ioneke ngati spectrogram, mawu amasanduka chithunzi, ka zit kazioneka timizere toimirira motalikirana mofanana, ka trrrr timizere tothithikana kumapeto. Nde kayerekezeni ndi za pa xeno-canto, webusaiti yosungira mawu a mbalame, anayamba mu 2005 ndipo anthu a dziko lonse amaikapo zawo, sankhani zojambulidwa dera lapafupi ndi lanu chifukwa rattling kamaimba mosiyanako malo ndi malo. Ka m'zitsamba kaja mukajambule kaye koyamba, ngati ndi ka ku Ulaya komwe akunena agogo pofika Epulo mukapeza kapita.